Dzenje la Mereana

Raniera anagwira ntchito pa zitsime za nthunzi mpaka imvi mbuu. Ankatsegula mapaipi okoka nthunzi pansi pa nthaka kuti ikapukuse makina a magetsi, kutsidya kwa mtsinje wa Waikato. Mkazi wake Mereana analinso ndi nthunzi yake, yotuluka yokha m'dzenje la kuseri kwa nyumba limene amayi ake anamusiyira. Ankatsitsiramo thumba la mbatata ndi nyama, n'kuvundikira chiguduli kuti zipse ndi nthunziyo. Dzenjelo linkaimba likhweru tsiku lonse.

Popita zaka, likhweru lija linayamba kufooka.

"Bambo, mukundibera moto wanga inu," Mereana ankatero uku akuseka.

"Za pansi sizitha, mayi."

Ha, pakamwa! Kuntchito ankaona ndi maso ake zitsime zikuchepa mphamvu, mabwana n'kumalamula kukumba zina zakuya. Koma akafika kunyumba anali duu.

Mereana anadwala nthawi yaitali, osapitanso kuseri kuja. Atatsala madzi amodzi anapempha chinthu chimodzi: "Chakudya cha pamaliro anga mukaphike m'dzenje langa. Za gasi ayi." Raniera analonjeza.

Tsiku loika maliro Raniera anatsitsa thumba m'dzenje muja m'mamawa. Dzuwa lili paliwombo, mlongo wake Kuini analivuula, n'kubaya mbatata ndi mpeni. Inali gwa!

"Achimwene, alendo akukute zaziwisi ngati nkhumba? Ine ndikukayatsa gasi."

"Dikirani, chemwali. Nthunzi yake ndikudziwa kumene inapita."

Anasenza thumba lija, mkulu wa mawondo olira, nawoloka mlatho. Ankapita ku chitsime choyamba chimene anatsegula ali mnyamata. Pamenepo paipi inkadontha nthunzi polumikizira, ndipo antchito ankatenthetserapo nkhomaliro. Mumtima ankati nthunzi ndi yomweyo, yangosamuka, Mereana sangakane.

Anapeza udzu wofika m'chiuno ndi loko wadzimbiri. Chitsimecho anachitseka iye atapuma kale ntchito, ndipo palibe anamuuza. Anagwada, natsamiza khutu pa paipi. Zii. Mantha anamugwira, mantha enieni, poti zaka zonsezi ankadzitonthoza kuti likhweru la mkazi wake likulirabe m'chitsulo chimenechi. Anaikapo dzanja. Chinali chozizira ngati chipumi cha Mereana m'mawa uja anamutseka maso.

Kutsidya kunkamveka Kuini akuitana anthu kuti akadye. Raniera anatula thumba pa udzu.

"Mayi," anatero, "kunonso kulibe."