Njerwa m'Mafuta a Magiya

Ndikakumbukira agogo anga a Yotamu Mbewe, mphuno ndiyo imayamba kukumbuka maso asanaone kanthu. Ndimamva fungo la mafuta ofiira a magiya akatentha, fungo lolowa mpaka kukhosi, losakanikirana ndi utsi wa nkhuni ziwisi wochokera ku mabani oumitsira fodya ndiponso palafini amene ankasambira m'manja asanakhudze chakudya. Kenako ndimamva mawu awo. Agogo sankadziwa kunong'ona. Akamapemphera m'nyumba, a kumapeto kwa komboni ankayankha kuti ameni.

Inali nthawi ya Chitaganya, pa pulazi ina ya fodya kufupi ndi Banket, m'dziko la Ashona. Bambo anga anali ku mgodi ku Arcturus, choncho ine ndinakulira m'manja mwa agogo awiriwo, a Yotamu ndi akazi awo a Nangozo. Ashona ankatitcha Mabhurandaya, ngati kuti tonse tinabadwira ku Blantyre, pamene agogo anachokera ku Dedza wapansi, phazi ndi phazi, atasenza bulangete ndi kampoto. Anayamba ndi khasu ngati wina aliyense, kenako ng'ombe za pulawo, kenako thirakitala, mpaka anafika pamene Mnyasa aliyense wa pa pulazipo ankaloza ndi chala monyadira: anakhala dalaivala wa mwini pulazi, wa chipewa cha mlomo ndi jekete la khaki, kiyi wa galaja ali pakhosi pa chingwe cha chikopa.

Mzunguyo tinkamutcha Bwana Kaliwo, chifukwa kaliwo sankachoka pakamwa pake. Anagula galimoto yaikulu ya ku Amerika, yotalika ngati bwato, imene inadabwitsa komboni yonse chifukwa inalibe chopondera cha kilatchi. Inkasintha magiya yokha. Amayi ena ankati muli kamunthu kobisala pansi pake. Kumbuyo kwake inkakoka kalavani, kanyumba koyera ka matayala kokhala ndi mabedi ndi mbaula, kamene bwana ankatengera dona ndi ana ake kukapha nsomba ku Kariba fodya woyamba akagulitsidwa.

Bwanayo makina ankawadziwa, ndisamunamizire. Koma msana wake unali woipa, ndiye wolowa pansi pa galimoto anali agogo. Ankaiyendetsa kaye mpaka itenthe, n'kuiimika pamalo osapendekeka injini ikulirabe, n'kusolola kachitsulo koyezera mafuta a magiya, n'kupukutira pa kansalu koyera kopanda ulusi wothothoka. Akatero ankayang'ana padzuwa, kununkhiza, ndi kufikisa pakati pa zala ziwiri ngati mayi woyesa ufa.

"Laisoni, bwera kuno ndi mphuno yakoyo," ankatero kwa ine. "Akakhala ofiira, galimoto ili moyo. Akada n'kumanunkha ngati nyemba zopserera, yatopa. Galimoto yokoka nyumba ili ngati mayi wobereka mwana pachitunda, thukuta lake limatuluka mkati. Wamva?"

Ulendo wa ku Kariba usanachitike, mafutawo ankasinthidwa onse, chifukwa zitunda za ku Makuti zimaphika magiya. Atsopanowo sankapezeka pa sitolo ya pa Banket. Ankaitanitsidwa ku Salisbury m'chitini chachikulu, ndipo ankachedwa kufika. Akalewo agogo ankagawira anthu kuti azipaka mitengo ya nyumba, chiswe chisadye.

Tsono agogo anali mkulu wa mpingo, ndipo gule wamkulu ankadana naye poyera. Theka la komboni linali la kudambwe, kumene gule amachokera, theka linali la kutchalitchi, ndipo ena ambiri anali a konsekonse, Loweruka uku Lamlungu uku. Agogo okha anali a mbali imodzi. Ng'oma zikayamba, iwo ankakweza nyimbo ya m'buku mpaka mitsempha ya pakhosi kuonekera.

Chaka chimenecho kunagwa maliro a mkulu wina wa gule, ndipo Lamlungu masana zilombo zinatuluka. Ife tinkachokera kutchalitchi. Amayi ndi ana anabalalikira m'chimanga, koma agogo anandigwira dzanja n'kuima pakati pa njira, Baibulo lili kukhwapa. "Njira ndi ya Mulungu," anatero. Chinatidutsa pafupi ndi chilombo cha nkhope yofiira, chija chimayerekeza mzungu wopsa ndi dzuwa, ndipo tsiku limenelo nkhope yake inkanyezimira ngati galimoto yotsukidwa kumene. Amayi m'chimangamo analulutira. Ine ndinaona agogo akukoka mphuno kawiri, kenako akuyang'ana pansi, pa chidendene cha chilombocho pamene panali chipsera cha pulawo chimene matope sanachikwirire bwino. Kenako anandikoka dzanja, tinapitiriza ulendo wa kunyumba.

Ulendo unali wa Loweruka m'mawa. Lachisanu agogo analowa pansi pa galimoto, anamasula beseni la pansi pa magiya, anakhuthula mafuta akale onse, anatsuka sefa ndi palafini, anabwezera zonse bwinobwino. Kalavani inali itaima kale pakhonde, dona akulongedza mabulangete, ana achizungu akuthamanga ndi mbedza zawo. Agogo anatsegula chitini cha ku Salisbury. Chinali chodzaza, chofiira ndithu. Anaviika chala, anafikisa, ndipo ndinaona nkhope yawo ikugwa.

"Mchenga," anatero. Anapendeketsa chitinicho padzuwa, ndipo pansi pake panali phala lofiira.

Zimene zinachitika n'zakuti munthu wina anakweza lata la kumbuyo kwa galaja, anapungula mafuta okapakira nkhope ija kuti iwale pa maliro, anzakenso anafuna, chitini chinatsika. Poopa kuti zidziwika, anadzazamo oyilo wa thirakitala. Ataona kuti mtundu wasintha, anapera njerwa yowotcha, anasefa pa nsalu, n'kuthiramo kuti kufiira kubwerere. Kwa iye mafuta anali mafuta, ndipo kufiira kunali kufiira, monga mmene amachitira ndi utoto wa kudambwe. Agogo akanathira zimenezo, magiya akanadyana okha pachitunda cha Makuti, nyumba yonse ili kumbuyo, ana ali mkati.

Anavula chipewa, ananyamula chitinicho n'kupita nacho pakhonde. Bwana Kaliwo anaviika chala iyenso, anafikisa, ndipo khosi lake linafiira kuposa nkhope ya Lamlungu ija. Galimoto inali yopanda mafuta, akale anali atasakanikirana ndi zinyalala m'beseni, atsopano anali ku Salisbury. Ulendo unafa pomwepo. Anayankhula Chilapalapa, chiyankhulo cha malamulo chija.

"Ubani? Ndani wachita izi? Kiyi ali ndi iwe, Yotamu."

"Kiyi ali ndi ine, bwana. Koma lata la kumbuyo lilibe kiyi."

"Ukumudziwa?"

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanati sindikudziwa, nkhani n'kutha. Mzunguyo akanakalipa, akanadula chakudya cha komboni, basi. Koma agogo anaimirira chilili, mawu awo aja akumveka mpaka kukhitchini.

"Ine ndine wa mpingo, bwana, sindinama. Ndikumudziwa."

"Tchula."

"Sinditchula."

Kaliwo anachoka pakamwa. Ndinali ndisanaonepo mano a mzungu ameneyo. Anati munthuyo akapezeka apita kupolisi ku Banket, chitupa chake chilembedwa zoipa kuti pulazi ina isamulandire, ndipo banja lake lichoka pa komboni dzuwa lisanalowe. Anati agogo asankhe pofika m'mawa: dzina, kapena kiyi ndi chipewa.

Kunyumba, a Nangozo anali atamva kale, pakuti wophika wa bwana anali ndi miyendo yaifupi koma lilime lalitali. Anawapeza agogo akusamba palafini pabwalo.

"A Mbewe, mwapenga kodi? Mukufera anthu a zigure, omwe mumawatukwana Lamlungu lililonse?"

"Ndidzawatukwanabe mkuja."

"Ndiye tchulani! Anakuberani, anakuikani pamoto. Inu ndi msana umenewu mukalowe m'mabani?"

"Nangozo, ali ndi ana ang'onoang'ono, ndipo mkazi wake ali ndi pakati. Apita kuti? Ku Dedza kumene sakudziwako ndi njira yomwe?"

"Ndiye mukanangoti simukudziwa! Bodza limodzi lokha, Mulungu akanatsinzina."

"Mulungu wanu ndi wa tulo, wanga ayi," anatero agogo. "Tikayambana ife Anyasa, mlandu wake ndi wathu. Sindingatenge munthu wa kwathu n'kukamuika m'manja mwa mzungu ngati nkhuku ya Khirisimasi. Ndikamukalipira ndekha. Pakamwa ndili napo."

"Pakamwa muli napodi," anatero a Nangozo, "ndipo tidya pomwepo."

M'mawa simbi italira, chitsulo chija ankamenya poitanira anthu ku ntchito, bwana anaimika komboni yonse pamzere kutsogolo kwa galaja. Kapitawo, Mshona wina wamtali, anawachonderera agogo chapansipansi kuti, "Sekuru, taurai zvipere," kutanthauza kuti nenani zithe. Agogo sanamuyang'ane. Mwini chipsera uja anali pamzere pomwepo, mutu uli pansi, mapazi atakwirira m'fumbi. Agogo sanayang'anenso kumeneko. Anayang'ana kutsogolo ngati ali pa chiwongolero.

"Yotamu, dzina."

Agogo anavula chingwe cha kiyi pakhosi n'kuchiika pa boneti. Anavula chipewa, anachipukuta ndi mkono n'kuchiika pambali pa kiyi. Jekete analipinda bwino ngati nsalu ya paguwa. Atatsala ndi malaya ong'ambika paphewa, ananena mokweza kuti aliyense amve:

"Bwana, amene mudzamupatse galimotoyi mumuuze kuti mafuta amayeza injini ikulira, osati itazima. Asapitirire mzere, amachita thovu. Ndipo lata lija mulikhome."

Kenako anatembenuka n'kulunjika ku mabani, wopanda womuuza.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa likanali pamitengo, mwini chipsera anabwera kwathu ndi tambala kukhwapa. Anagwada patali, anawomba m'manja. Agogo anali atakhala pa mpando wawo, maso ali ofiira ndi utsi wa tsiku loyamba.

"Bambo, ndabwera kudzathokoza..."

"Njerwa!" anakuwa agogo, tambala n'kudzidzimuka. "Iwe, njerwa! Ukanapungula n'kusiya chitini chili theka, ndikanati wakuba wamba, Mulungu amukhululukire. Koma kupera njerwa, kusefa, kuthira m'mafuta a magiya? Unafuna kupha ana a eni pachitunda ndi manja anga!"

"Sindinadziwe, bambo. Ndinkati bola afiire."

"Bola afiire! Ndiye mkazi wako akadwala tidzamuthira madzi a katondo m'mitsempha, bola afiire?"

Munthuyo analira. Agogo anamusiya alire, kenako anandituma kukatenga kansalu kawo koyera, kamene kanali ndi dontho la mafuta abwino mbali ina ndi la oipawo mbali ina. Anamugwira dzanja mwamphamvu, anamufikisitsa uku, anamufikisitsa uko.

"Wamva kusiyana?"

"Ndamva, bambo."

"Tenga tambala wakoyo ukapatse mkazi wako, ndiye akufunika msuzi. Sindinachitire iwe. Ndipo Lamlungu ndikutukwana pa guwa, usadabwe."

Anamutukwanadi, osatchula dzina, ulaliki wonse unali wa njerwa.

Agogo sanabwererenso pa chiwongolero. Bwana analemba dalaivala wina wa ku Sinoia, ndipo galimoto ija inkatidutsa pamsewu ikukoka kalavani yake, fumbi lili kumaso kwathu. Agogo ankaima, kutchera khutu mmene ikusinthira magiya, n'kunena kuti, "Wachedwa kusintha mafuta mnyamatayo," kapena, "Lero ali bwino." Anasonkha moto wa mabani mpaka chifuwa chinawagwira. A Nangozo anawadandaulira mpaka tsiku lomaliza, koma mayi wina atayerekeza kunena pachitsime kuti a Mbewe anapusa, agogo aakaziwo anamuthira ndowa yonse.

Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma mphuno ija inandidyetsa. Ndagwira ntchito ya magalimoto okoka anzawo akafa pamsewu, kuchokera ku Marondera mpaka kumalire, ndipo palibe bokosi la magiya limene linapsera m'manja mwanga. Anyamata a lero amabwera ndi makina awo oyezera, ine ndimangosolola kachitsulo, kununkhiza, kufikisa, n'kuwauza kuti musakoke katundu ndi mafuta awa.

Mwana amene anali m'mimba nthawi ijayo anabadwira pa komboni pomwepo, anakulira pomwepo, ndipo zidzukulu zake ndimakumana nazo pa Banket zikugulitsa chimanga. Sizidziwa kanthu. Anthu akhala akundifunsa, abusa anandifunsa, ana anga omwe amandinyengerera ndikamwa tiyi, amvekere, "Adadi, onse aja anamwalira, mzungu anapita, pulazi inagawidwa, tiuzeni anali ndani."

Ndikumudziwa. Sinditchula.