Masiku Atatu Ndili Chonjuta pa Khomo la Madamu

Tsiku limenelo tinalipo anthu anayi: ineyo, mwana wanga wa zaka khumi, madamu amene ndinkawasamalira maluwa ku Pretoria, ndi mayi wa ku Dedza wochapa ndi kusita m'nyumbamo. Galu sindikumuwerenga, ngakhale ndi yekhayo amene anandiyang'ana m'maso nthawi yaitali. Jekete yabulawuni imene ndinalandira tsikulo ilipobe m'sutikesi. Kuvala sindivala, kutaya sinditaya.

Unali mwezi wa Juni, chisanu cha ku Joni chija chong'amba milomo. Mkazi wanga anali atabwerera kumudzi ku Ntcheu akudwala, mwana n'kutsala ndi ine ku Soshanguve, komwe tinkakhala, chifukwa cha sukulu. Lamlungu mlamu wanga anaimba foni: "Alamu, mlongo wangayu akungotchula dzina lanu. Bwerani." Basi yathu inkanyamuka Lachinayi. Kungochoka osatsanzika, ntchito ikanathera pomwepo. Ndinafunika kupempha.

Ine mawu ndili nawo, funsani aliyense! Pa maliro kwathu ndikaimirira kulengeza, a kutsidya kwa mtsinje amamva. Koma sukulu ndinalekera Sitandade 2, ndipo Chizungu changa chinali cha khasu ndi payipi basi: yesi, no, wota, tumolo.

Mwana ndiye anasanduka mphunzitsi wanga. Sukulu anali atatsekera, ndiye ankanditsatira ku ntchito. M'sitima ya m'mawa, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi, ankandigwira mkono. "Abambo, nenani: pulizi madamu, meyi ayi go homu, mayi waifu izi siki." Ndinkanena. "Eish, Abambo, musakalipe. Mufewetse, amve kuti mukupempha." Anthu m'sitimamo ankaseka, ndipo kusekako kunandilowa m'mafupa. Ndinati mumtima: ine ndi ndevu zangazi, ndikalankhule ngati kamwana kopempha aphunzitsi kupita kuchimbudzi?

Kwathu munthu wamkulu sapempha choncho. Umavula chipewa, kunjuta pambali pa khomo, kuomba m'manja pang'onopang'ono, n'kudikira. Mwini khomo ndiye amafunsa kuti kwagwanji, iwe n'kumasula. Ndinachita zimenezo Lolemba pa khomo la khichini. Madamu anatuluka, anamwetulira, anandipatsa tiyi ndi buledi. Lachiwiri anawonjezera jamu.

Mayi wa ku Dedza anandikokera kuseri kwa galaja. "Achimwene, anthu awa samva za mawondo, amamva za pakamwa. Ndikakunenereni ine?" Ndinamukalipira kuti za m'nyumba mwanga sizinenedwa ndi mkazi wa mwini. Nthawi imeneyo ndinkati ndikusunga ulemu. Lero ndine nkhalamba, ndilibe womunamiza: kunali kudzikuza, ndi mantha oti andiseka.

Lachitatu ndilo tsiku ndikunenali. Kapinga anali mbuu ndi chisanu, simenti ikuluma kudzera m'mabuti. Ndinanjuta, chipewa m'manja, mwana ataima kumbuyo kwanga. Madamu anandiyang'ana, anaona manja anga akunjenjemera, n'kulowa m'nyumba. Ndinati lero amva. Anatuluka ndi jekete ya amuna awo, yonunkhira fodya ndi sopo, n'kundifunditsa pamapewa. Ankayesa ndikumva kuzizira.

Kenako anatembenukira kwa mwana, n'kumufunsa ngati bambo ake ali bwino. Ndinamva mwana akukoka mpweya.

"Pulizi madamu..."

"Chete iwe! Wakutuma ndani?"

Mawu anga onse aja, omveka kutsidya kwa mtsinje aja, anagwera pa mwana wanga. Galu anauwa. Madamu anabwerera m'mbuyo. Ine ndinati tenkyu, n'kukatenga wilibala.

Ndinkati mawa ndinena ndekha. Mawalo ndinapeza madamu atalawirira ulendo, basi yathu ija n'kutisiya. Ndinati palibe kanthu, ndikwera yotsatira. Loweruka mlamu anaimbanso, ndipo sanatalikitse: mkazi wanga anali atatisiya.

Apo mayi wa ku Dedza sanandifunsenso, anangokanena kwa madamu atabwerako ku ulendo. Madamu anatiperekeza okha pa galimoto mpaka pokwerera basi, akulira, akufunsa mwana kuti bwanji bambo ako sananene. Mvetsani bwino apa, wina asawanamizire: madamu aja sanandikanize. Ine sindinapemphe.

Ku Ntcheu tinapeza ataika kale. Anatilondolera kumanda, dothi likadali lofiira, nkhata zitayamba kufota. Anthu ankadikira kuti ndilankhule monga ndinkachitira pa maliro a eni. Ine ndinangovula chipewa, n'kunjuta pambali pa manda.

Mwana uja lero ali ndi ana ake, amagwira mu ofesi m'tauni, Chizungu chimangoyenderera. Nkhaniyi sitinaikambeponso. Koma tsiku lija pobwera kumanda, atadzikulunga m'jekete ija mpaka m'mawondo, anandigwira mkono monga ankachitira m'sitima, n'kunena chapansipansi:

"Abambo, pepani. Ndine sindinakuphunzitseni bwino. Tikabwerera tikayambirenso, ndizinena pang'onopang'ono."