Mayi Modester Shaba, Amene Ankawongola Miyendo ya Ana Athu

Mwezi uno zakwana zaka makumi atatu chitisiyireni mayi Modester Shaba, amene tinkawatchula kuti NyaShaba. Bambo mfumu apempha kuti moyo wawo ulembedwe m'kalata ya parishi. Ulembedwa ndithu, koma wofuna zokoma zokhazokha atsegule tsamba lina.

NyaShaba anabadwira kufupi ndi Champhira mu 1929. Sukulu analekezera Sitandade 3. Amuna awo anapita kumigodi ku Joni nkutchona komweko, osawasiyira ngakhale mwana wowatungira madzi. Atasowa pogwira, anapeza ntchito yokolopa pa kachipatala ka mishoni. Misa ya m'mawa sankaiphonya, ndipo kolona yawo inachita kuperepeseka ndi zala.

Sisiteri wina wokalamba ataona mmene ankanyamulira odwala, anayamba kuwaphunzitsa za thupi. Fupa palokha siliyenda, ndi mnofu umene umalikoka, ndipo mnofu umamvera mtsempha. Mwendo ukakhala chopinda nthawi yaitali, mnofu umafupika, bondo nkuuma. Asipulini amaziziritsa ululu koma sawongola mwendo, ndipo samwedwa m'mimba muli pululu. Jakisoni wa pathako amabayidwa cha kumwamba, chakunja, chifukwa pakati pamadutsa mtsempha waukulu wopita kuphazi. NyaShaba anazisunga zonsezi ngati katekisimu. Ana opuwala ndi poliyo ankawathowa ndi nsalu yofunda, kuwasisita ndi mafuta a nsatsi, kupinda ndi kuwongola, akuwerengera ndi Tikuoneni Maria. Ankakonda kunena kuti, "Mwendo uli ngati pemphero, ukausiya sabata imodzi umauma."

Tsono anthu akwathu ndi jakisoni! Kupatsidwa mapiritsi kuchipatala kunali ngati kunyozedwa. Ndiye panali bambo Feston Zimba, tcheyamani wa nthambi ya chipani, yemwenso ankakhala m'bungwe la tchalitchi chathu. Iwowa ankayenda panjinga ndi chikwama cha penisilini, kubaya aliyense wotentha thupi, pakati penipeni pa thako, amvekere pamenepo ndiye pali nyama yambiri.

Mu 1976 anabwera nako kuchipatala kamtsikana ka zaka zisanu, Towera Ngwira, phazi lakumanzere likulendewera ngati lakufa. NyaShaba anakavundukula, naona chipsera cha singano. Mumtima munawawira, chifukwa ameneyu anali mwana wachitatu chaka chimenecho. Lamulungu lotsatira, anthu akutuluka mu Misa, anawaimitsa a Zimba pakhomo.

"Adada, ndapota, singano yanu ikutha ana. Mukubaya pamtsempha. Bwerani ndikusonyezeni pobaya, kapena muleke."

"Iwe wokolopa manyi undiphunzitse ine?" anatero a Zimba. "Mwanayo anamulodza, mudzi wonse ukudziwa. Kapena chipani ndiye chakukwana?"

Tinalipo ambiri pakhomo paja, ndipo tonse tinayang'ana pansi. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka. Sabata isanathe, anyamata a chipani anafika kuchipatala ndi nkhani yoti NyaShaba amanyoza boma. Akuluakulu a tchalitchi anawanyengerera kuti akapepese, akanene kuti anaona molakwa, ntchito ipulumuke. Iwo anayankha kuti, "Ndikanama lero, mawa abaya wina. Mbwenu ntchito ipite." Inapitadi. Kuyambira pamenepo benchi yawo m'tchalitchi inkakhala ndi malo ambiri, ngakhale pa Khirisimasi. Zamanyazi!

Koma NyaShaba sanamutaye Towera. Tsiku ndi tsiku, akachoka kumunda, ankayenda mtunda wautali kukamugwira phazi lija kuti chidendene chisaume. Anamusemera kathabwa komangira phazi pogona. Mwana ankalira, iwonso ankalira, koma osaleka. Patatha zaka ziwiri Towera anayenda yekha, motsimphina, kukalandira Ukalisitiya woyamba. Atakula anapita ku Blantyre kukaphunzira ntchito yomweyo ya mafupa ndi minofu. A Zimba anapitiriza kubaya mpaka maso atawafooka, ndipo pamaliro awo tinaimba mpaka mawu kusasa.

Mu 1989 NyaShaba anaterereka pachitsime nathyoka fupa la m'chiuno. Anagona pamphasa zaka ziwiri. Tisaname, ife a mphakati wa tchalitchi tinkapitako. Tinkawapititsira Ukalisitiya, kaufa ndi asipulini, kuimba nyimbo ziwiri, nkumatsanzika. Iwo ankathokoza: "Yewo chomene, Chiuta amusungeni." Kenaka ankapempha motsitsa mawu, "Wina angondiwongolako maondowa, kakhumi kokha mwendo uliwonse." Ife tinkayang'anana. Wina ankati akuopa kuwapweteka, wina mvula ikubwera. Zoona zake nzakuti tinazolowera kuwatalikira, moti ngakhale kuwakhudza kunkatilemera. Iwo ankadziwa bwino lomwe chimene chinkachitika m'miyendo mwawo, mwezi ndi mwezi, kuposa wina aliyense m'parishi muno. Sanatidandaule. Towera sanamulembere kalata, kuopa kumusokoneza maphunziro, ndipo ifenso sitinalembe.

Anamwalira mwamtendere masana a Lachisanu, mu Ogasiti 1991, atadzozedwa mafuta oyera, kolona ili m'manja. Towera anafika m'mawa wa tsiku loika. Analowa m'nyumba azimayi akusambitsa thupi, nagwira bondo la NyaShaba monga iwo ankagwirira phazi lake, dzanja lina pansi, lina pamwamba. Anakoka pang'onopang'ono. Bondo linakana. Anatembenuka nkutiyang'ana mmodzimmodzi.

"Zaka ziwiri, amama? Nonsenu, panalibe wa manja?"

Bokosi limene tinakhoma silinatseke, ndipo kalipentala anachita kuwonjezera matabwa m'mbali kuti maondo alowe.

Chitsanzo chawo ndi chimenecho, abale: ananena zoona, ndipo anagwira odwala ndi manja awo. Mukapita kukaona wodwala sabata ino, nyimbo imbani, koma muvundukulenso bulangeti. Mzimu wa mayi Modester uuse mumtendere. Amene anawongola miyendo ya ana athu, ife tinawaika m'manda chopinda.