Dothi la m'munda mwathu alitaya

Mwaswera bwanji nonse.

Dothi lija anatenga m'munda mwathu chaka chatha, kuti aone chimene chikufotetsa kachewere, lapita pachabe. Tekiniko, mlangizi wa zaulimi, wabwera lero kuno ku Ntengo-Wambalame ndi zotsatira za minda yonse, koma za munda wathu palibe.

Akuti makina amawerenga tizilombo tosaoneka ndi maso ta m'dothi. M'minda ina anawerenga tambirimbiri, m'minda ina tochepa. Kuti ayerekeze bwino, amachepetsa minda yonse ifike pa muyeso umodzi, ndipo wosafikapo amausiya. Wathu sunafike.

Wandifotokozera pang'onopang'ono, ngati kusiya sukulu n'kugontha: "Zili ngati nyemba pamsika. Aliyense timamuyezera mbale imodzi. Wobwera ndi ndowa timatapapo mbale, wobwera ndi theka la mbale abwerere."

Ndamufunsa, "Nanga kachewere wanga akufa ndi chiyani?" Wangoti, "Pepani achimwene, tidzatenganso dothi lina mvula ikatha."

Mvula ikatha! Nthawi yodzala ndi ino. A minda yabwinobwino alandira mayankho, wodwala ndiye amubweza. Ine ndatopa nazo.

Amalume a ku Furancungo, inu munaulimapo mundawu. Mbewu yayamba kale kumera m'nyumba. Ndidzalenso pomwepo, kapena ndingoikapo chimanga? Ndiyankheni lero, aganyu ndawauza abwere mawa.