Madzi amene anathira pa dzanja la malemu

"Kodi aneba, Mchaina wanu uja pakhomo pake pakadzagwa zovuta adzaphika ndani? Inu nokha?"

Anandifunsa choncho amake mapasa tili pamzere wa madzi pakiyosiki, ine mwana kumsana, chigubu pakati pa miyendo. Sanakweze mawu, koma amayi onse a pamzerepo anasiya nkhani zawo kuti amve yankho langa. Ndinati, "Zikadzatero ndidzaphika ndekha." Amake mapasa anaseka n'kunena kuti ndiyambiretu kugula mapoto.

Mchaina amene ankanenayo sanali wa ku China. Kwawo kunali ku Thailand, koma ku Zingwangwa kuno munthu wa khungu lotero ndi tsitsi lotero ndi Mchaina basi. Anabwera ndi mwana wa alandilodi athu, amene ankapita kumeneko kukaoda zovala ndi nsapato zodzagulitsa ku Limbe. Maulendo ena ankabwera ndi zikwama, ulendo umenewo anabwera ndi mkazi. Mkaziyo ankakhala m'nyumba yakutsogolo ndi apongozi ake, mayi wamasiye wodwala shuga, ndipo ife tinkachita lendi kachipinda kakuseri. Mpanda unali umodzi, chingwe choyanikira zovala chimodzi. Mwamuna wake nthawi zambiri ankakhala ali paulendo, ndiye womufunsa kuti chigayo chili pati, sopo wotchipa amagula kuti, ndinali ine. Ankanditcha sisi, nanenso ndinkamutcha sisi.

Zolakwitsa zake zoyamba zinali zongoseketsa. Ankavula nsapato ngakhale polowa m'golosale. Amayi akafuna kugwira tsitsi lake kuti amve ngati ndi lenileni, ankathawitsa mutu ngati waona njoka, iwo n'kumati ndi wonyada. Ukamuitanira chakudya ankati wakhuta, ngakhale m'mimba mukulira. Chimene chinkakwiyitsa anthu kwambiri n'chakuti munthu akamamukalipira iye ankamwetulira, wokalipayo n'kupsa mtima kawiri.

Anayamba kukazinga nkhuku ndi mpunga wa tsabola pageti, ndipo anyamata a kabaza anakopeka. Makala ankagula tsidya la msewu kwa mayi wina wapakamwa pakuthwa, amene tonse tinkangomuti mayi wa makala. Chichewa chochuluka sisi anachiphunzira kwa mayi ameneyu, choyamba mawu otukwana, moni pambuyo. Ankakondana m'njira yawoyawo. Koma tsiku lina anakangana chifukwa cha thumba la makala onyowa. Sisi analibweza, mayi wa makala analankhula zambiri msewu wonse ukumva, ndipo sisi kwa nthawi yoyamba anayankha. Sabata imeneyo isanathe, mayi wa makala anagwa m'nyumba mwake m'mawa n'kutsirizika pomwepo.

Kumaliroko sisi ndinamutenga ndine. Ndinamumangira chitenje ndi mpango, n'kumusiya pakhonde kuti ine ndikathandize kuphika tiyi. Bokosi linali lisanafike. Thupi linali lidakali pamphasa pabalaza, lofunditsidwa nsalu, amayi atalizungulira miyendo atatambasula, akuimba. Pamene ndinkalowa ndi ndowa ya tiyi, ndinaona sisi akukwawa ndi maondo m'mbali mwa khoma, chifukwa kwawo munthu sadumphidwa miyendo. Ndinkaganiza kuti akufuna pokhala. Koma anafika pamphasa, anavundukula nsalu pang'ono, anatulutsa dzanja lamanja la malemu. M'chitenje mwake anasololamo kabotolo ka madzi momwe munkayandama timaluwa, n'kuthira padzanjapo. Kenaka anaphatikiza manja ake pamphumi n'kulankhula motsitsa m'chilankhulo chakwawo. Atatha anatembenukira kwa mwana wamkazi wa malemu n'kumwetulira.

Nyimbo inathera pakati. Mwana wa malemu anafunsa, mawu ake ouma, "Mwawathira chiyani mayi anga?"

Mayi wina wamkulu analanda kabotolo kaja, anakanunkhiza, n'kupatsira mnzake. Kanayenda m'manja mpaka kukhomo. Kuno thupi amaligwira ndi okhawo osambitsa. Wina akaligwira, ndiponso n'kulithira chinthu chosadziwika, aliyense amadziwa dzina la ntchito imeneyo. Ndiye panali ndi mkangano wa makala uja, umene msewu wonse unkaukumbukira. Ndinatula ndowa, ndinamugwira sisi pamkono n'kutuluka naye.

Kunyumba anandifotokozera ndi Chichewa chake chodukaduka, manja akuthandiza. Kwawo munthu akamwalira amamutulutsa dzanja, ndipo aliyense amene anali naye mawu amabwera kudzathirapo madzi kuti apepese, wakufayo apite wopanda chakukhosi. Salira pamaso pa thupi, ndipo amamwetulira kuti ofedwa alimbe mtima. Madziwo anali a pakiyosiki pathu pomwepa, maluwawo anathothola kumpanda. "Sisi, ine pepani kwa mayi. Makala aja," anatero. Ndinamumvetsa. Koma kumvetsa kwanga kunalibe ntchito kunja kwa geti.

Kuyambira tsiku limenelo nkhuku zake palibe anagulanso. Ana ankadutsa pageti chothamanga. Pakiyosiki akaika chigubu chake, ena ankasuntha zawo. Apongozi ake ndi amene nkhaniyi inawalasa kwambiri. Anandiitana n'kundiuza kuti, "Mwananga, ine masiku anga atha, ukundiona. Ndayenda maliro a m'dera lino kuyambira misewu iyi ili tchire. Lero ndife pakhomo pa anthu othawidwa? Adzandiimbira ndani?" Mwana wawo anaimba foni kuti apeza nyumba kwina, kwa mipanda ya njerwa kumene munthu sadziwa dzina la neba wake. Mayiwo anakana kuchoka m'nyumba imene anamanga ndi malemu amuna awo. Sisi nayenso anakana. Anati, "Ndalakwa pano, ndikonza pano."

Mawu amenewo ndi amene anandigwira. Ine ndinabwera m'tauni muno kuchokera ku Nsanje ndili mtsikana, ndipo ndikudziwa mmene dzina loipa limamatira. Ankandiseka Chisena changa, ena n'kumanong'onezana kuti a kuchigwa ndi okhwima, usadye zawo. Sindinalichotse ndi pakamwa dzina limenelo. Linachoka ndi ndowa ndi mapoto a m'maliro a eni. Ndiye funso la amake mapasa lija litabwera, ndinali nditaganiza kale chochita.

Ndinamuuza sisi malamulo. Maliro alionse a m'dera lathu tipita, kaya tikumudziwa munthuyo kaya ayi. Chitenje chakale, mpango kumutu. Chikwama ayi, botolo ayi, ngakhale la madzi akumwa. M'nyumba mmene muli thupi osalowamo. Akakupatsani chakudya idyani, m'mbale imodzi ndi anzanu, mawu akuti ndakhuta muwasiye kunyumba. Ndipo mano asaoneke.

Lamulo lomalizali ndi limene linavuta. Tinkayeserera kuseri kwa nyumba, ine n'kukhala wofedwa, iye n'kugwada kunena kuti, "Pepani ndi zovutazi." Akangotsiriza, milomo yayamba kale kutseguka. Ndinkati, "Sisi, mwayambanso. Ganizirani nkhuku zanu zinaola zija." Apongozi ake ali pampando ankaseka mpaka kutsokomola, n'kumati, "Ameneyu mumumange mpango pakamwa basi."

Maliro oyamba anali a bambo wina wa kumtunda kwa msika. Tinafika, tinagwada kwa eni, tinapita kuseri kumene amayi ankaphika. Ndinatenga ndowa ziwiri, imodzi n'kumupatsa iye. Titabwera nawo madziwo, mayi wina analandira yanga n'kuthira m'dramu. Ya sisi anaitenga n'kuikhuthulira pansi, pafupi ndi mapazi athu. Ndinaona milomo ya sisi ikunjenjemera kufuna kumwetulira, koma anaigwira. Anatola ndowa ija n'kubwerera kumpopi. Atabwera nayo kachiwiri ndinatunga m'menemo ndi kapu, ndinamwa, n'kumwetsanso mwana wanga onse akuona. Madziwo sanawathire m'dramu, koma sanawatayenso. Anati akhale otsukira mbale.

Madzulo ake abambo akunyumba anandikalipira. Anati, "Mwana wanga usamuyesere zinthu za eni. Iwe wasanduka loya wa Mchaina?" Ndinawayankha kuti madzi ndi omwewo timamwa tsiku lililonse pampanda pano, ndipo mwanayo phala la sisi wadya kuyambira asanamere mano. Anangoti, "Udzaziona," n'kutuluka. Sanandiletse, komanso sanandithandize.

Ndinazionadi. Ine ndimagulitsa mandasi pamsewu m'mawa, ndipo beseni linayamba kubwerera lili pakati. Amake mapasa, amene anandiperekeza kuchipatala pokachira mwana wangayu, anasiya kulowa pageti pathu. Tikakumana ankangoti, "Muli bwanji kwa azungu?" n'kupitirira.

Tinayesanso njira ya pakamwa kamodzi. Apongozi a sisi anapempha mayi wamkulu wa kumphakati wa tchalitchi kwathu kuti atiperekeze kwa mwana wa malemu kukapepesa. Tinanyamula shuga ndi sopo. Anatilandirira panja, sanatiyalire mphasa. Sisi anagwada pafumbi n'kunena mawu onse amene tinakonza, osaphonya, nkhope ili bwinobwino. Mwana wa malemu anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Kaya kwanu mumatero, mayi anga sanali a kwanu. Ndikatseka maso ndimaona dzanja lawo lili lonyowa. Shuga wanu tengani." Sindinamuone kulakwa. Akanakhala mayi anga, kaya ine ndikanatani.

Tinapitiriza. Maliro a m'tauni satha, ndipo sitinaphonye. Ntchito imene ankamupatsa inali yokwecha mapoto ndi mchenga, anthu onse atadya. Manja ake anachita zikang'a, zikhadabo zinathetheka. Ankakwecha mpaka poto wamwaye kuwala, eni ake n'kumaunika m'kati ngati akufunamo chifukwa. Chakudya ankadya, ngakhale chimene sankachikonda. Pang'onopang'ono ena anayamba kumuyankha moni. Ena anayamba kumutuma: Mchaina tabweretsa nkhuni, Mchaina tasuntha beseni. Ndinamuuza kuti kutumidwa ndi chiyambi chabwino, munthu amene amamuopa samutuma.

Tsiku limene ndimalikumbukira linali la mvula. Amayi anabwera ochepa, nkhuni zinali zonyowa, utsi uli m'maso. Mayi wamkulu wa kumphakati uja anali pa poto wa nyemba, ndipo msana unamugwira. Anayang'ana uku ndi uku, aliyense manja ali ndi ntchito. Anati, "Iwe Mchaina, wangoima ngati mlonda bwanji? Tagwira chipande ichi, zisapserere." Sisi anandiyang'ana. Ndinamukodola ndi mutu kuti apite. Anatakasa nyembazo mpaka zinapsa, ndipo anthu anadya. Amake mapasa okha ndi amene anadya kabichi yekha tsiku limenelo. Pobwerera sisi anafunsa ngati tsopano angamwetulire. Ndinati dikirani tikhote pakona.

Apongozi ake anamwalira nyengo yozizira yotsatira. Mwana wawo anali atabwerako, ndipo azibambo anaika masamba pamsewu. Ine ndinasesa kuseri, ndinaika mafuwa, ndinatulutsa mapoto anga awiri ang'onoang'ono n'kukhala pansi. Ndinkangoyang'ana kugeti. Kwa nthawi ndithu kunalowa azibambo okhaokha. Kenaka ndinamva kulira kwa zitsulo, mayi wa kumphakati akulowa ndi atsikana atasenza mapoto akuluakulu. Pambuyo pawo panabwera ena, awiriawiri, mpaka kuseri kunachepa. Amake mapasa anafika mochedwa. Sanandipatse moni. Anangonditenga mpeni m'manja n'kunena kuti kabichi sadula choncho.

Bokosi lisanatsekedwe, sisi anatuluka m'nyumba n'kundikokera kuchingwe cha zovala. Maso ake anali ofiira. Anandionetsa kabotolo m'dzanja lake. "Sisi, pang'ono basi. Mayi anga awa. Palibe aona."

Ndinayang'ana amayi amene anadzaza kuseri, ndi nyimbo ikumveka m'nyumba, imene apongozi akewo ankaopa kuti sadzaimbiridwa. Ndinati, "Madzi ayi, sisi. Ndipatseni." Anaima kanthawi, kenaka anandipatsa. Ndinakabisa m'chitenje changa, iye n'kubwerera m'nyumba kukakhala pakati pa amayi, miyendo atatambasula.

Ndiye sindinaphike ndekha. Koma nkhuku za pageti sizinabwererenso, ndipo mbaula yake ndimaphikira ine. Makasitomala anga a mandasi ena anabwerera, ena anazolowera kwina. Ine ndi amake mapasa timapatsana moni, koma kubwerekana mchere kunatha. Mwana wa mayi wa makala sanabwere kumaliro, ndipo mpaka lero akaona sisi amawoloka msewu. Sisi masiku ano samwetulira kawirikawiri, ngakhale pamene palibe maliro. Ndipo apongozi ake anapita osathiridwa madzi padzanja.