Padi ya Sineya Imene Anaiwamba pa Mbaula

Ng'oma zamagetsi za mpingo wathu, kufupi ndi nkhalango ya Luwawa, anatitumizira mkhristu mnzathu amene amagwira ntchito ku Joni. Woimba ndinali ine. Manja angawa anaimbapo ng'oma m'misonkhano yakale imene sindikonda kuikumbukira, choncho kuimbira Mulungu pampando wa ng'omazo Lamulungu lililonse n'kumene kunkandigonetsa tulo.

M'mwezi wa Juni, kukuzizira, mkulu wina wa mpingo anamva kuti sineya, kang'oma kapakati kaja, sikakulira bwino. Vuto linali waya chabe. Koma iwo anamasula padi yake ya labala, imene timamenyapo ndi kamtengo koimbira, n'kukaiwamba pa mbaula, monga timachitira ndi ng'oma yachikopa ikafooka. Padi inapindika, osaliranso.

Mnzathu wa ku Joni anati tisankhe ina kuti atumize, ndipo anaika zithunzi ziwiri pafoni. Ina inali ya labala ngati yoyamba ija. Ina inali ya neti, yokulirapo, yokunga ndi kiyi, yolira pakati ndi m'mphepete momwe. Mawu a pansi pa zithunzizo ndinawawerenga pang'onopang'ono, poti sukulu ndinaiyamba ndili ndi ndevu kale, koma ndinamvetsa kuti neti imabweza kamtengo mofewa. Ine macheka a ku Chikangawa anandithera mfundo za manja, ndipo labala ankandibaya mpaka m'chigongono. Popanda neti, kuimba kwanga kunali kutha.

Ndinafotokoza zonsezi ku komiti. Mkulu yemwe uja, amene sanapepese n'komwe, anati neti ndi ya udzudzu, makoswe a m'tchalitchi aidya sabata isanathe. Anthu anaseka. Ndinawayankha kuti chimene makoswe amadya ndi chikopa, komanso kuti munthu amene anawotcha padi yoyamba sayenera kusankha yachiwiri. Nkhope zinasintha. Wapampando anati ndanyoza mkulu pagulu.

"Adada, ngati manja atopa, mbwenu pumulani," anatero mkuluyo akumwetulira. "Ng'oma si za munthu mmodzi."

Anavota pokweza manja, labala n'kupambana. Mwa onse okweza manjawo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anagwirapo kamtengo koimbira.

Padi itafika ndinayesa. Lamulungu loyamba ndinakulunga dzanja ndi kansalu n'kupirira. Lamulungu lotsatira dzanja linatupa, kamtengo kanandipulumuka pakati pa nyimbo ya chopereka, kwaya n'kumaimba yokha ikundicheukira. Titaweruka ndinapereka timitengo kwa mayi wotsogolera kwaya, kuti aone okha womupatsa. Mkulu uja anabwera kudzandigwira paphewa, akuti yewo chomene chifukwa cha utumiki wanga wa zaka zonsezi. Ndinachotsapo dzanja lawolo.

Mpaka lero ndimakhala pabenchi yakumbuyo, ndipo ikafika nthawi yopatsana moni ndimatuluka panja.