Ndinaulula Lamulo Lisanadutse

Chinayamba ndi mashingozi. Timatuza tinatuluka pamsana n'kuzungulira mpaka pachifuwa, totentha ngati wina wandithira makala m'malaya. Inali nyengo yozizira, chaka chomwe ma ARV anayamba kuperekedwa ulere. Ine ndinali wokanda ufa pa bekale ina m'tauni, ndipo ndinkakhala ku Area 23 ndi mkazi wanga, mayi a Chisomo, ndi ana athu atatu. Ndinangodzola mankhwala a pagolosale n'kumapitabe kuntchito, chifukwa pa bekale ukajomba, mawa umapeza wina ataima pamalo pako.

Matuza atauma, kunabwera chifuwa. Pofika nthawi ya mvula ndinali nditaboola lamba kawiri, ndipo thumba la ufa lomwe ndinkanyamula ngati mwana linayamba kundigwetsa. Mayi a Chisomo ndiwo anachita kundikoka dzanja mpaka kuchipatala. Madokotala anayeza makhololo n'kupeza chifuwa chachikulu. Kenako anayeza magazi.

"Bambo, takupezani ndi kachilombo ka HIV," anatero namwino. "Mankhwala alipo, koma mwabwera thupi litatha kale."

Ndinagonekedwa m'chipatala. Anzanga ena a m'wodi ankatuluka atafunditsidwa kumutu, ndipo ndinasiya kufunsa mayina a obwera kumene. Nditatuluka, abwana anandilandiranso, poti iwo ankadziwa za chifuwa chokha.

Vuto linali tsiku lotenga ma ARV. Mwezi uliwonse umalawirira, n'kukhala pabenchi mpaka dzuwa kufika paliwombo. Amakukweza pasikelo, amaona mapilisi otsala m'botolo, kenako ukaimenso pamzere wina kuzenera la mankhwala. Tsiku lonse limathera pomwepo. Kuntchito ndinkanamizira maliro kwathu ku Ntcheu, moti amalume anga amodzi ndinawaika m'manda kawiri ali moyo.

Masiku amenewo wailesi inkangonena kuti aphungu akakumana, boma libweretsa lamulo loteteza ogwira ntchito omwe ali ndi kachilombo. Akuluakulu ankatilimbikitsa kuti tisabise, tiwauze mabwana athu. Ine ndinali nditatopa ndi mabodza, ndipo thupi linali litayamba kubwerera. Ndinakhulupirira. Mayi a Chisomo anandiletsa, koma ndinati boma silinganene chinthu pawailesi chisanakonzeke. Ndinalowa mu ofesi ya abwana n'kuulula zonse.

Sanakalipe ayi. Anandiyang'ana m'manja kwa nthawi yaitali.

"Ifetu pano timapanga chakudya, bambo a Chisomo," anatero abwanawo. "Kapumuleni kaye kunyumba, tikuitanani."

Mpaka lero sanandiitane. Nditakadandaula ku ofesi yomva nkhani za antchito, bambo amene ndinawapeza anandimvera chisoni. Anati abwana ayankha kuti anandichotsa chifukwa chojombajomba, ndipo masiku ojombawo analipodi. Ndinawafunsa za lamulo lija.

"Limenelo silinadutse, bambo. Akadali kukambirana."

Ndinabwerera wapansi mpaka ku Area 23, ndikulira ngati mwana. Aphungu anakumanadi chaka chimenecho, ndi chotsatira chomwe. Ndinkakhala pakhonde wailesi ili kukhutu, kumva anthu akukangana za mipando yawo mpaka mabatire kutha. Za ife ankangoti zili m'ndondomeko.

Pano chifuwa chinatheratu. Mankhwala ndimamwa m'mawa ndi madzulo osadumphitsa, ndipo wondiona sangadziwe kuti ndinatsala pang'ono kufa. Mphamvu zokanda ufa ndili nazo zonse, koma eni mabekale amadziwana, moti nkhani yanga inanditsogolera paliponse. Ndimakazinga mandasi n'kukagulitsa pamsika wina, kutali ndi ondidziwa. Tinasamukira m'kachipinda kamodzi. Chisomo, mwana wathu woyamba, anasiyira sukulu panjira, ndipo tsopano amachapira anthu zovala.

Amene mukuona zizindikiro ngati zanga, pitani kuchipatala msanga. Musadikire kunyamulidwa. Ndikanapita pa mashingozi paja, bwenzi ndisanagonekedwe, ndipo abwana sakanapeza masiku ambiri ondinamizira.

Pabenchi ya kuchipatala, anyamata oyamba kumene mankhwala amandifunsa monong'ona ngati awauze mabwana awo. Ndimawauza kuti amwe mankhwala mokhulupirika, koma kuntchito atseke pakamwa mpaka lamulolo lidutse. Zimandipweteka kuphunzitsa anthu kubisa, ine bambo wopemphera. Koma ine ndinanena zoona, ndipo amene akuvutika nazo ndi ana anga.